Manja a Ababa pa Malaya a Yusufu

Tešanj,
26 Febuluwale

Achimwene Hajrudin,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Senada ndi kamwana kathu Ilma. Chifuwa chija chinamusiya? Nanga msana wanu ukulolabe kukhala pa chiwongolero cha basi tsiku lonse? Kuno tili bwino, Alhamdulillah. Amayi mawondo ndi omwe aja. Azakhali a Zijada pakamwa sipanakalambe. Ababa ayamba kudulira mitengo ya mapulamu ngakhale chisanu sichinatheretu.

Ndalemba papepala chifukwa pa foni ndimachita chibwibwi, mukundidziwa. Iyi ndi kalata yachitatu. Ziwiri ndang'amba.

Mwina Amayi anakuuzani za kanema wa makatuni amene ndikujambulira ana a ku madrasa, nkhani ya Mneneri Yusufu ndi bambo ake Yakubu, mtendere ukhale pa iwo. Ndisanayambe ndinakafunsa kwa mashehe a komiti ya maphunziro. Anandiuza mosabisa kuti nkhope ya mneneri isaoneke, thupi lake lisaoneke, ndipo munthu asayankhule ngati ndiye mneneriyo. Ndinafunsa za kuwala, poti ena amaika kuwala pamalo pa nkhope. Mmodzi anati n'zotheka, wina anakana, anatsutsana mpaka khofi wawo anazizira. Wamkulu wawo ndiye anandiuza chifukwa chake. Akuti mwana akaona nkhope kamodzi imamukanirira m'mutu, ndipo mpaka kukalamba, akamva dzina la mneneri aziona nkhope yopangidwa ndi ine Mersiha.

Ndinabwerako ndikudzifunsa ndekha. Zaka zinayi ku yunivesite ku Sarajevo ndinkaphunzira kujambula nkhope, ndiye lero nkhani ya munthu wokongola chotero ndiifotokoze popanda nkhope? Ndinayamba kuganiza kuti mwina ntchitoyi inafunika wina wanzeru kuposa ine.

Chinandipulumutsa ndi malaya. M'nkhaniyi muli malaya atatu: amene abale ake anapaka magazi abodza, amene anang'ambidwa kumbuyo m'nyumba ya nduna ya ku Iguputo, ndi amene anatumizidwa kwa Yakubu atachita khungu chifukwa cholira. Ndinati ndingotsatira malayawo, anthu ake akhale kunja kwa chithunzi.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Pamene abale aja akupereka malaya amagazi, ndinajambula manja a Yakubu akuwalandira. Ndinadzinamiza kuti manja okha si thupi. Ndipo manjawo sindinawapeke m'mutu. Ndinkajambula a Ababa mobisa akamawerenga tasibihi, mikanda yawo yopempherera, pakhonde. Chala chija chinapindika pa makina ocheka matabwa nachonso ndinachiika. Sindidziwa chimene ndinkaganiza. Mwina ndinkafuna kuwapatsa ulemu umene pakamwa panga sipatha kupereka.

Lachisanu lijali, Ababa atabwera ku swala, ndinawaonetsa onse pa kompyuta. Manja atangotulukira, azakhali anaphulika kuseka, akuti aka n'koyamba kumva kuti Yakubu anagwirapo ntchito yocheka matabwa ku Tešanj. Amayi anawatsina. Ababa sanaseke. Anayang'ana manja awo, kenako anaimirira n'kutuluka, khofi osamaliza.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba ali pa makwerero, akudula nthambi zimene zinalibe mlandu. Ndinayamba kupepesa za lamulo la mashehe. Anati lamulolo ndi loona ndipo ndinkalidziwa bwino, koma si limene lawatulutsa m'nyumba. Mawu awo ndawasunga mmene anawanenera.

"Yakubu ana khumi anam'bweretsera bodza, dzanja lake silinakwere pa mmodzi yemwe. Awa anamenya mwana pabwalo la mzikiti, anthu akuona, chifukwa chongonena kuti safuna kukhala hafizi, woloweza Buku lonse pamtima. Ukufuna ana a tauni ino akule akuganiza kuti manja a mneneri ndi amenewa? Achotse, mwana wanga."

Achimwene, zaka khumi ndi chimodzi nkhani ya tsiku lija anakumenyani sinatchulidwepo m'nyumba muno. Ndinangogwira makwerero kuti asagwedezeke.

Manja aja ndinawachotsa. Tsopano malaya amangogwa pakhomo la hema, fumbi n'kukwera pang'ono. Maso a Yakubu akayamba kuyera, chithunzi chonse chimayera nawo, kumangomveka mphepo. Malaya omaliza akafika, nsalu imadzaza paliponse mpaka ulusi uliwonse kuoneka, kenako mitundu ya zinthu imabwerera umodziumodzi. Mashehe auona ndipo avomera. Ndiyenera kunena kuti wakoma kuposa poyamba, ngakhale ndikamauonera ndekha ndimapezabe pokayikira.

Chatsala ndi munthu wofotokoza nkhani, popeza aneneriwo sayankhula m'kanemamo. Dzulo masana tikudya ndinadandaula kuti onse amene ndawayesa amawerenga ngati akulengeza maliro pa wailesi. Ababa, maso ali m'mbale, anafunsa ngati "uja wa ku Sweden" mawu adakali nawo.

Azakhali sanachedwe. Anati uja ali ndi dzina, ndipo amene anam'nong'oneza dzinalo m'khutu ali khanda, atam'chitira adhana, mawu oitanira ku swala, ndi mkulu wakhala apayu, pokhapokha ngati ukalamba wadya ndi zimenezo zomwe. Ababa anati mlongo wawo akanabadwa wosayankhula, banja lathu likanadziwako mtendere. Tonse tinaseka. Kuseka kutatha anati, "Hajrudin." Analitchula pang'onopang'ono, ngati munthu woyamba kuponda pa mtsinje wouma ndi chisanu.

Tsopano ndiulule cholakwa chachiwiri. Anafunsa ngati mungajambule mawuwo pa foni n'kutumiza. Mungathe, achimwene, n'zosavuta n'komwe. Koma ine ndinati sizingatheke, pafunika mubwere nokha pa makina anga. Ndinanama pamaso pa Ababa patangopita masiku atatu nditawapepesa. Amayi anadziwa, anangotembenukira ku zenera. Ababa anati ngati zili choncho, abwere.

Sindikukuuzani kuti muiwale. Mbama ija sinagwe pa tsaya langa, ndipo mwina si ine woyenera kupempha zimenezi. Mukakana ndidzamvetsa, ndipo ndidzapita ndekha kukawauza Ababa kuti ndinanama. Koma kanemayu adzaonetsedwa kwa ana tsiku lachiwiri la Idi. Mutabwera sabata yomaliza ya Ramadhani, ntchitoyo ndi ya masana amodzi. Masiku enawo ndi anu. Mubwere ndi Ilma, agogo ake aamuna amangomudziwira pa foni ya Amayi, imene amayang'ana akaganiza kuti palibe akuwaona.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti jamu wa mapulamu wawo Amayi anasunga mabotolo awiri. Ilma mumupsompsone pamphumi. Amayi ndi azakhali akupereka salaamu. Allah akusungeni pamsewu ndi panyumba, afewetse zimene zili zolimba pakati pathu.

Ndisanatseke envelopu ndinapita kwa Ababa kukawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndilembe. Anaganiza nthawi yaitali, tasibihi ili m'manja. Akuti ndikuuzeni kuti kuno nthawi imeneyo m'mawa kumazizirabe, musaiwale malaya ofunda.

Ndine mlongo wanu,
Mersiha