Pikapu Yomera Mtengo

Lolemba, 3 Juni

Ndaiona. Kuseri kwa msika wa Opi, pobwera kokayendera ophunzira anga kunkhalango. Pikapu yakale ija yokoka ndi matayala onse anayi, yofanana ndendende ndi imene ndinaphunzirira kuyendetsa ndili mtsikana. Ndinaponda buleki mpaka wakabaza wam'mbuyo kutukwana mtundu wanga wonse.

Dzimbiri paliponse. Utoto wobiriwira, kaya ndi ndere. Matayala anamira m'nthaka. Pampando wa dalaivala nkhuku ikufungatira mazira, kundiyang'ana ngati ndalowa m'chipinda osagogoda. Koma chitseko nditachimenya ndi chibakera: ngwee! Chitsulo chenicheni, osati zitini za masiku ano.

Vuto limodzi lokha, laling'ono. Pakati pa bodi yakumbuyo panamera mtengo wa ube, wa zipatso zonga timapeyala. Thunthu loti mikono yanga siikumana.

Wogulitsa ndi Ozoemena, galimoto inali ya malemu bambo ake. Akufuna manaira miliyoni imodzi ndi theka. Za ube uja akuti, "Adokotala, theka la ola ndi macheka a injini, nkhani yatha."

Kuuza ine. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndikuphunzitsa za nkhalango pa yunivesite. Buku lathunthu lodzudzula odula mitengo, logulidwa ndi anthu khumi ndi anayi. Ndinamuyang'ana mwaukali, ndinati ndikaganizire.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndawaonetsa chithunzi amuna anga, bambo a Somto. Kulakwa kwanga. Anavala magalasi, anavula, anavalanso. "Mayi a Somto, mukugula galimoto kapena munda?" Kenako, ndikumwa tiyi: "Msonkho wake muzikalipira ku ofesi ya zamsewu kapena ya zaulimi?"

Munthu wophunzitsa masamu moyo wake wonse, nthabwala ziwiri pachaka, zonse watha lero.

Ndawakumbutsa za njinga yolimbitsira thupi imene anagula, panopa timayanikapo matawulo. Anangobwerera ku tiyi wawo.

Sakudziwa kanthu. Galimoto yotereyi ndi imene inandilowetsa koyamba m'nkhalango za ku Obudu, matope mpaka pazitseko, ine pachiwongolero, amuna asanu ndi mmodzi kumbuyo akupemphera. Sindinakhalepo wamoyo chotero. Chaka chino ndikwanitsa zaka 55. Ana onse anapita. M'nyumba mumamveka wotchi yokha.

Lachinayi, 6 Juni

Ndapita ndi Fidelis, makaniko wanga wa ku Enugu. Anakwawira pansi, nkhuku inamujompha m'khutu, anatuluka ali wofiira ndi dothi. Injini akuti itha kudzuka. Giyabokosi ilipo. Pansi pa bodi panatha, koma zimenezo n'zowotcherera.

Ndinafunsa ngati sitingaphwasule galimoto pang'onopang'ono, mtengo n'kuusiya. Anandikokera pansi kuti ndione ndekha, ine dokotala, chagada m'zitosi. Thunthu linamera pakati pa chasisi, ndipo linameza mpiringidzo umodzi wonse, chitsulo chili m'kati mwa khungwa. "Madamu, awa anakwatirana kalekale, ukwati wa kutchalitchi. Mmodzi afe basi."

Tili pansipo ndinaona mapazi awiri okalamba ataima pafupi. Mayi ake a Ozoemena, Mayi Oyidi. Anatikhazika pamthunzi wa mtengo womwewo, anabweretsa mtedza wa kola wolandirira alendo, Fidelis anaswa popeza ndiye mwamuna, ngakhale ndine ndimamulipira. Ndiye anafotokoza.

Zaka 36 zapitazo, matenda a mwana womaliza anawayamba. Amuna awo anawagoneka kumbuyo kwa pikapu, kuliza hutala, kuthamangira kuchipatala. Galimoto inayenda mapazi makumi awiri, inazima. Mwana anabadwira momwemo, mtsikana, Ulumma. "Abambo ake analira kuposa khandalo." Galimoto siinalirenso. Mchombo utagwa, bambowo anaukwirira pansi pa bodi, pamene panali kale chibowo, n'kudzalapo ube, poti mbuzi sizikwera pikapu.

Ndiye mtengo ndi wa Ulumma. Wa mchombo wake. Ozoemena anangoyang'ana foni, ngati waiwala kuti ali ndi mlongo.

Potiperekeza Ozoemena anandinong'oneza kuti ogula zitsulo akubwera Loweruka la sabata yamawa. Ndikapanda kugula ine, iwo adula zonse, mtengo ndi galimoto, n'kuyeza pasikelo. Pasikelo! Ngati chinangwa.

Lamulungu, 9 Juni

Ulaliki sindinaumve. Ndimalemba kuseri kwa pepala la nyimbo zifukwa zodulira mtengo.

Wakalamba. (Bodza. Ube wa zaka 36 ndi mnyamata.)
Ndidzala ina khumi m'malo mwake. (Mawu enieni amene ndinawaseka pa tsamba 112 la buku langa.)
Ndikapanda kudula ine, adula ena. (Mawu a mbala iliyonse chilengedwere dziko.)

Kenako nzeru. Mtengo wa mchombo sudulidwa mwini wake asanalole. Ndimuimbire Ulumma, akane, ine ndilire pang'ono, ndikhale wopanda galimoto komanso wopanda tchimo. Mlandu ukhale wa mwambo. Zimenezi ndiye kuphunzira.

Bambo a Somto ayamba kunditchula Mayi Macheka. Nthabwala yachitatu. Ayenera kuti akudwala.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndamuimbira Ulumma ku Lagos. Amagwira ntchito kubanki, mawu ake osalala ngati sopo.

Wavomera!

"Anti, dulani lero lomwe ngati n'kotheka." Akuti mneneri wa kutchalitchi kwawo anaona m'masomphenya kuti mchombo wake wapanidwa ndi chitsulo ndi mizu, n'chifukwa chake mpaka pano sanakwatiwe. Mtengo ukagwa, mwamuna atulukira. Abwera yekha Loweruka kudzaonerera.

Taonani mwano. Ine ndinadalira mwambo kuti unditchinjirize, mwambo wathawira kwa mneneri. Mtsikana wa digiri, wowerengera anthu mamiliyoni, akukhulupirira kuti mwamuna wake wakanirira pansi pa giyabokosi. Ndikanamuuza kuti amuna sasowa chifukwa cha mizu, ndili naye mmodzi pano ndingamubwereke, ndi njinga yake yomwe.

Tsopano mchimwene akufuna, mwini mchombo akufuna, mneneri akufuna, ine ndikufuna. Palibe wondiletsa. Dziko lanji lopanda wokuletsa?

Ndapeza wamacheka. Ndauza Fidelis abwere ndi lole yokokera. Chakudya chamasana sichinalowe.

Lachisanu, 14 Juni

Ndinapita kukayeza njira yolowera lole. Ozoemena kulibe.

Mayi Oyidi ali m'bodi ya pikapu, ndodo yaitali m'manja, akugwetsa ube. Wakupsa, wosapsa, yense. Mabeseni atatu. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, kaya anakwera bwanji. Sanandidandaulire, sanandipemphe kanthu. Anangoti, "Wofiirayu ndi wamuwisi, sapsa akathyoledwa, ndikudziwa, mwana wanga. Koma ndimusiyire ndani?"

Ndinawafunsa ngati anawauza ana awo kuti sakufuna. "Galimoto ndi ya mnyamata, mtengo ndi wa mtsikana. Changa ndi mthunzi. Mthunzi ulibe kalata."

Anandiviikira ube m'madzi otentha, ndi chimanga chootcha. Ndinadya ngati wakuba pamaliro.

Njira sindinayeze. Pobwerera ndinaima kwa mnzanga Nwakaego, loya, amene anandilonjeza kalekale kuti tsiku lina ndidzamufuna. Anaseka mpaka kutsamwa, koma analemba.

Loweruka, 15 Juni

Ndagula.

Onse analipo. Wamacheka akuthira mafuta, Fidelis ndi lole, ogula zitsulo awiri atakhala pampanda ngati miimba, Ulumma ndi nsapato zazitali ndi botolo la mafuta odzozera. Ndinapereka ndalama, Ozoemena anasaina pepala la Nwakaego, mboni ziwiri zinasaina. Kuwerenga ayi. Ndani amawerenga pepala ndalama zili patebulo? Ngakhale ophunzira anga sawerenga, popanda n'ndalama zomwe.

Ndiye ndinawawerengera ndime yachinayi mokweza, ndi mawu anga a m'kalasi. Galimoto ndi yanga. Ikhala pomwe ilipo nthawi yonse imene ndifuna. Aliyense woikanda, kuiphwanya kapena kuigwetsera nthambi adzaonana ndi Nwakaego kukhoti.

Ndinafunsa wamacheka ngati angagwetse mtengowo osakhudza galimoto yanga. Anazungulira kawiri, anasuzumira pansi, anatseka thanki. "Madamu, ine ndili ndi ana." Ndinamulipira tsiku lake. Miimba inanyamuka.

Ozoemena anati zake zatheka, zotsalazo n'za akazi. Fidelis anakhala pansi, manja kumutu: "Zaka zonsezi ndakonza magalimoto oti ayende. Lero ndaona wogula kuti isayende."

Ndimaopa Ulumma. Mtengo ndi wakedi, ndipo ndamutchinga ndi pepala. Anandiyandikira, maso ofiira, ndinakonzeka kudzozedwa mwaukali. Anafunsa chapansipansi ngati pepalalo lili ndi chidindo. Ndinamuonetsa. Analijambula ndi foni. "Ndikawauza aneneri kuti lamulo lakana. Ine ndinayesetsa." Kenako anavula nsapato, anakhala pamatayala omira aja pafupi ndi mayi ake, anadya ube asanu ndi awiri a mtengo womutsekera ukwati. Ndinawerenga.

Mayi Oyidi anangothamangitsa nkhuku pampando, n'kupukutapo ndi nsalu yawo.

Kunyumba bambo a Somto anafunsa kuti galimoto ili kuti. Ndinati ili pamalo abwino oimikapo, pamthunzi, mwaulere. Nthabwala sinabwere. Anakanditenthetsera madzi osamba, koyamba chichokereni mwana wathu Somto pakhomo.

Lamulungu, 23 Juni

Denga lodontha la kukhitchini lidikira chaka chamawa, ndalama zake zagula pikapu. Taika beseni.

Mnzanga wa ku dipatimenti wamva, akufuna kubweretsa ophunzira akaone chitsulo m'kati mwa khungwa. Ndati alipire pakhomo kwa Mayi Oyidi. Buku langa silinabweretsepo munthu ndi mmodzi yemwe.

Loweruka, 6 Julaye

Loweruka lachitatu ku Opi. Bambo a Somto akupala dzimbiri pachitseko, atavala chipewa changa, akudandaula msana. Amati amabwera kudzaona kupusa kwanga pafupi. Chitseko chimodzi chatha, chobiriwiradi.

Fidelis akuti injini ifuna miyezi. Koma lero anabweretsa batire, anagwiragwira mawaya, anati ndidinize pakati pa chiwongolero.

Hutala. Yosasa, ngati mbuzi ya chimfine, koma hutala. Mbalame zonse mu mtengo, phuu!

Mayi Oyidi anatuluka m'nyumba liwiro, manja ali ndi ufa. Anaima. "Malemu ankandiitana choncho. Kawiri, kenako kamodzi." Ndinaliza kawiri, kenako kamodzi.

Analowanso m'nyumba. Ndinati ndalakwitsa, ndawaliza. Patapita kanthawi anatuluka atamanga duku latsopano, kachikwama m'khwapa. Anatsegula chitseko chopalidwa chija, anakhala pambali panga, anawongola nsalu pamaondo.

"Tiyeni, adalaivala."

Ndinafunsa kuti kuti, amayi.

"Kuchipatala. Paja sitinafike."

Matayala m'nthaka, mtengo kumsana, bambo a Somto kutsogolo akutikodola ngati wapolisi wapamsewu. Ndinaika giya.