Nsalu ya pa Mbande

Lolemba, 18 Juni 1979

Chisanu cha ku Mzuzu kuno si masewera. Mbande zanga za matimati zapsa mzere wonse wa kumunsi, chakudambo. Masamba bii. A NyaGondwe oyandikana nafe, omwenso ndi tcheyamani wa amayi a chipani kuno ku Katawa, akuti ndizifunditsa ziguduli dzuwa likapendeka, m'mawa n'kuvundukula. Zina ndiyale pakati pa mizere, udzu sumera.

Lachiwiri, 19 Juni

Ziguduli zinayi zokha, sizinakwane. Bedi lomaliza ndafunditsa nsanza za m'katoni, mothamanga, nyemba zili pamoto. Ndatsindira ndi miyala.

Lachitatu, 20 Juni

Mayo ine. Ndapita kukavundukula, mbande zili bwinobwino, koma nsanza imodzi palibe. Miyala yake yaunjikidwa pambali, mwadongosolo. Mphepo siunjika miyala.

Ndaima, n'kukumbukira mtundu wake. Ndi nsalu yakale ya chipani ija, yong'ambika, ya nkhope. Ndinaiyala ndi manja angawa, m'mphepete mwake mukukhudza manyowa a nkhuku.

Lachinayi, 21 Juni

Ndawauza bambo a Emily. Anasiya tiyi.

"Nkhope inayang'ana kumwamba kapena pansi?"

Ndati pansi. Kenako akuti mesenjala wa kuntchito kwawo anatengedwa chaka chatha chifukwa chokulunga usipa m'nyuzipepala ya chithunzi. Mpaka lero sakudziwika kumene ali. "Ine ndine wa boma, mayi a Emily. Adzati ndinakutumani ndine."

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Lachisanu, 22 Juni

Galimoto yobiriwira yadutsa kawiri mumsewu wathu, pang'onopang'ono. Ndalongedza zovala za Emily m'kachikwama, ndalemba adiresi ya achemwali a ku Ntcheu n'kuika pamwamba. Mwana wa zaka zitatu, angamuyendetse ndani ulendo wonsewo?

Kudimba sindinapiteko. Zipse.

Kabuku kano ndikubisa m'thumba la makala.

Loweruka, 23 Juni

A NyaGondwe abwera ndikutsuka mbale. "Monire, mama." Ndawayankha. Akhala pa mpando okha, ayamba za chisanu, za mwendo wawo wotupa. Kenako atsitsa mawu.

"Lachitatu ndinalawira kudambo. Chinthu chija ndinachotsa ndine, anthu asanadutse."

Ndagwada pomwepo. "Yewo chomene, amama. Mundipatse ndikachiotche."

Aseka pang'ono. "Yayi. Chili kwanga, m'sutikesi. Ndasunga makora, bwinobwino."

Sanachichape, akuti. Chili momwe anachipezera.

Ponyamuka akonza duku lawo, akuti amayi ayamba kuyeserera magule a pa 6 Julaye, ndipo dzina langa silinaonekepo chibwerereni kuno. Lolemba thuu koloko, pabwalo la sukulu.

Ndati ndidzabwera.