Mimba ya mpweya

Lolemba, 3 Malichi
Bwana wabweretsa injiniya woti akonze ng'anjo yanga youmitsira sopo waufa. Injiniyayo ndi mwana wanga wachiwiri, Chibwibwi uja. Kompyuta m'khwapa, nsapato zosadziwa mwaye. Ine sukulu sindinapondeko, zilembo ndinaphunzira pa migolo ya mafuta, koma ng'anjo iyi sinazimepo m'manja mwanga. Akuti ikudya mafuta ambiri. Idye chiyani, udzu?

Lachitatu, 5 Malichi
Mwanayo wandiitanira ku ofesi yake yozizira. Pagalasi la kompyuta wajambula ng'anjo yanga, mapaipi onse, ndi chumuni chomwe. Pambali kabokosi kopanda kanthu. Akuti makinawo sangawerenge kanthu asanauzidwe kuti mpweya umameza moto wochuluka bwanji usanavomere kutentha. "Tingoti m-m-mimba ya mpweya, bambo." Ndiye mpweya wakenso si uwu timapumawu ayi. Akuti wangwiro, wongoganizira, sungaupeze kulikonse. Ndaseka mpaka kutsokomola. Zaka zonse zija kusukulu, kukaphunzira kuyeza mimba ya chinthu chimene kulibe!

Lachinayi, 6 Malichi
Ndamuuza alembe nambala imodzi m'kabokosimo, basi. Moto ndi moto. Wakana. Akuti mpweya ukamatentha mimba ija imakula, ndiye wadzazamo manambala, ena ang'onoang'ono ngati nsabwe. Akuti ine ndimasonkha mwachizolowezi, moto wambiri umangothawira kuchumuni. Mwana wobala ndekha ameneyo.

Lachiwiri, 11 Malichi
Msonkhano, bwana ndi antchito onse. Mwanayo wayamba kufotokoza, lilime lakodwa pa mawu oti mpweya. M-m-m. Ndamuthandiza ine: "Uyu ankakodzera pogona mpaka ndevu kumera, lero atiphunzitse za moto?" Anthu kufa nako kuseka. Iye maso pansapato. Kunyumba amake andimana madzi osamba. Akhale nawo.

Loweruka, 15 Malichi
Lolemba ayesa zakezo. Bwana wati zikakanika mwanayo azipita, zikatheka ng'anjo iziyendetsedwa ndi makina. Za ine sanatchule. Inenso sindinafunse, sindine wopemphetsa. Ndikupemphera sopoyo atuluke matope. Eya, ndalemba, ndipo sindifufuta.

Lachisanu, 28 Malichi
Sopo wouma, woyera mbee. Mafuta ochepa. Omwe ankamuseka aja pano akumutchula kuti "abwana aang'ono", zipewa m'manja. Wowotcherera zitsulo, amene ndinamulowetsa ntchito ndine, wandikuwira pageti: "Madala, nanga mimba yanuyo tiilembe nambala yanji?" Agalu. Tsiku lonse manja m'thumba, ng'anjo ikulira yokha ngati siindidziwa.

Lamulungu, 30 Malichi
Mwana uja wabwera kunyumba. Wakhala pansi, pafupi ndi mapazi anga, ngati mwana woleredwa bwino. Akuti wandichonderera kwa bwana ndisachotsedwe: andipatsa mpando pafupi ndi galasi lija, nyali ikayaka ndizidina batani lofiira. Ntchito yoti ndi nyani yemwe angagwire. Ndamuuza kuti wachiwiri wanga anafa ali wakhanda, uyu sindimudziwa. Amake kulira kukhitchini. Iye wangoti, "Ndamva, bambo." Wadzuka, chitseko watseka pang'onopang'ono. Bola akanamenyetsa.

Mawa Lolemba. Ovolosi ndachapa ndekha, ili pachingwe, yauma kale. Koma kuti ndiivale ndikaime pageti paja, ndinene kuti ndabwera kudzaona "abwana aang'ono"... kaya.