Atate achotsedwa ku famu

Okondedwa ba sisi Melesi,

Muli bwanji ku Kitwe? Kuno tilipo, koma amai miyendo yatupanso.

Atate achotsedwa nchito ku famu. Mtengo wa unga ukukwera sabata iliyonse, malipiro ali pomwepo, ndiye anzawo anawatuma kukapempha zoonjezera poti ndiwo akulu. Bwana sanakalipe. Anangowatengera kugeti, nawaonetsa amuna ochotsedwa m'makampani ku Lusaka atakhala pansi kudikira. Bwanayo akuti, "Mudala, awa savuta." Owatuma aja onse anangopitiriza nchito.

Amene atenga malo awo ndi amalume Jailosi, pamalipiro ochepa. Atate akuti nawonso ali ndi ana. Pa Sande ku Misa atate anapatsa amalumewo dzanja la mtendere, ine ninapinda manja.

Tumizani mankhwala a amai. Mulungu akusungeni. Amalumewo musawalembere.

Ine mng'ono wanu,
Agnes