Fupa la Pakhosi pa Zilekeni

Limbe
14 Ogasiti 2001

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amphamvu pamodzi ndi onse ku Nambuma. Kodi bondo lija likukulolani kupalasa njinga? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Dzulo msuweni wanga Elifasi anandipeza kuntchito, lole yawo itabwera kudzatsitsa chimanga. Nkhani ya galu wathu Zilekeni amaikamba akuseka. Akuti watsamwa ndi fupa, kukamwa kuli yasa, dovu lili chuchuchu, madzi akungowayang'ana. Wasiya kukutsatirani kudimba, akungobisala pansi pa nkhokwe. Akutinso Lachisanu munapinda malaya n'kupisa dzanja kukhosi kwake, fupa osalipeza, ndipo dzino linakukandani pachala. Iye ankaseka, ine ndinamufunsanso tsiku limene munapisa dzanjalo.

Chino n'chaka chachitatu ndili pachipatala cha agalu. Inu mumati ndinasiya sukulu kuti ndizikasambitsa agalu a azungu, ndipo simunama, ndimawasambitsadi. Koma ndimawagwiranso adokotala akamawapima, ndipo maso ndili nawo. Galu wa njoka zam'mimba amaonda, ubweya umanyankhalala. Wa matenda a nkhupakupa amafooka, nkhama zimayera. Amenewo timachiza akabwera nawo msanga. Koma galu wosintha khalidwe mwadzidzidzi, chibwano chili lende, mawu atasasa, sitimuyandikira ndi manja.

Ndinawafotokozera adokotala athu, ndipo sanandilole n'kumaliza komwe. Anati fupa mulibemo, zizindikirozo n'zachiwewe. Ndinayesa kutsutsa kuti Zilekeni sakuluma anthu, sakuthamangathamanga. Anandiyankha kuti chiwewe china n'chofatsa, ndipo n'chimene chimapusitsa anthu okonda agalu awo. Kenaka anati, "Bambo akowo asadikire kumva m'thupi. Akayamba kudwala, palibe dokotala angawabweze."

Ndikukudziwani, Bambo. Mwathira kale mchere pabalapo, ndipo mwati kabala kotere sikangajombetse mkulu wa mpingo kumsonkhano wa seshoni. Muti tiyambe taona. Ndionetsetse adathetsa nkhosa, paja mwambi umenewu ndinaumvera kwa inu.

Pempho langa n'limodzi. Tsiku lomwe Elifasi akupatseni kalatayi, pitani kuchipatala mukanene mosabisa kuti dzanja linalowa m'kamwa mwa galu wooneka wachiwewe. Akakati katemera alibe, musabwerere kunyumba, mukakwere galimoto ya ku Lilongwe. Achemwali a Gertrude akaitane alangizi a ziweto a kudipi. Galuyo akhale wotsekeredwa m'khola lakale la nkhumba, chakudya muzimuponyera chapatali, ndipo ana a achemwali asafikeko. Akafa, musamukwirire alangizi asanamuone.

Ndikudziwanso yankho lanu, muti Zilekeni anabayitsa katemera. Apa ndiye cholembera chikundilemera. Chaka chimene ndinkachoka munandituma kukamubayitsa kudipi. Ndinapeza mzere wautali, ndinakhotera kumpira. Penti yofiira imene munaiona pamutu pake, yosonyeza kuti wabayidwa, ndinamupaka ndekha. Inali yotsala popaka zitseko za tchalitchi. Achemwali anandiuza kuti zaka zotsatirazi simunamupititsenso, mumati wobayidwa kale safunika jakisoni wina. Ngakhale akanabayidwa, katemerayo ndi wa chaka ndi chaka. Koma Zilekeni sanabayidwepo n'kamodzi komwe, ndipo wabodza ndine.

Chitisiyireni amayi, amene amakhala nanu pakhonde ndi galu ameneyo, osati ine. N'chifukwa chake munapisa dzanja mosaopa. Sindikukudzudzulani. Ndili ndi manyazi, komanso ndili ndi mantha.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu a Isaki, azakhali a Veronica ndi ana onse. Ndapempha tchuthi, abwana akandilola ndifika mwezi ukamatha. Ndidzakhala pansi, chipewa m'manja, mudzandikalipire za pentiyo mpaka mawu adzakuthereni. Koma pitani kuchipatala, Bambo, kuti ndidzapeze wondikalipira.

Ine mwana wanu wolakwa,
Duncan