Kamuvi Kovina

Lolemba, 6 Okutobala
Lero zaonekera. Pa msonkhano bwana wathu, Pak Gunadi, anati ndionetse mndandanda wa katundu wopita kudoko pa sikirini yaikulu ya pakhoma. Mzere uliwonse umafuna kudina batani lakumanja la mausi kuti patuluke mawu ovomereza. Dzanja langa lamanja pa mausi, kamuvi n'kumanjenjemera anthu khumi akuona. Ndinaphonya katatu. Mbak Ningrum, wa tebulo loyandikana ndi langa: "Bu Wiwik, kamuvi kanu kakuvina dangdut." Onse kuseka. Inenso ndinaseka, nanga n'kutani. Ndinanamizira khofi.
Si khofi. Uno ndi mwezi wachinayi dzanjali likunjenjemera.

Lachitatu, 8 Okutobala
Mgwirizano wanga wa ntchito utha pa 31. Zaka 52, angandilembe ndani kwina mu Semarang muno? Chaka chatha Pak Gunadi anachotsa dalaivala chifukwa cha maso. Amakonda kunena kuti ofesi si chipatala.
Ndikamatayipa sizioneka, zala zimatsamira mabatani. Mausi ndiye kazitape. Ndikuopa kwambiri.

Lamulungu, 12 Okutobala
Ku Ungaran, kwa achimwene anga Mas Hardi. Mvula njira yonse, msuzi wa soto umene ndinawatengera unafika utazizira. Zaka makumi awiri maso awo osaona, koma kompyuta yawo yolankhula ija amaiyendetsa kuposa ine. Ndinafunsa ngati zocheza kuti iwo amadina bwanji kumanja popanda mausi.
"Mausi ndi ya alesi, Wik. Fika pamzerepo ndi mabatani a mivi, gwira Shift, dina F10. Ukasankha, Enter. Basi."
Ndinayesa. Mawu aja n'kutulukadi. Misozi inalengeza m'maso, mwayi sangaione.
Anafunsa kuti bwanji. Ndinati mausi yakuntchito yafa. Iwo anati: "Supuni yako ikulira kwambiri m'kapumo." Tiyiyo ndinamusiya.

Lolemba, 13 Okutobala
Sabata ino woonetsa anali Ningrum, ndapuma. Koma pa laputopu ya ku ofesi zinakanika. Ndikadina F10 ikungozimitsa sipika. Thukuta kamukamu. Masana ndinakabisala pa masitepe kuwaimbira achimwene.
"Pansi kumanzere pali ka Fn, kagwirenso. Zala zitatu zokha, uli nazo khumi."
Zatheka.

Lachisanu, 17 Okutobala
Mizere mazana awiri lero osakhudza mausi. Ndaiponya m'dirowa. Kuchipatala sindinapite. Akangochipatsa dzina chinthuchi, ndiye kuti chabweradi.

Lolemba, 20 Okutobala
Msonkhano, nthawi yanga. Kamuvi kanangokhala phee pakona ya sikirini. Mphindi zisanu ndamaliza. Pak Gunadi kwa anzanga: "Mwaona inu achinyamata? Mayi awa akukusiyani kutali." Ningrum akuti ndimuphunzitse, akuganiza kuti ndi luso. Masana ndinamaliza mbale yonse ya mpunga, koyamba mwezi uno.

Lachinayi, 23 Okutobala
Pak Gunadi andiitana. Chaka china awonjezera. Ndinathokoza manja ndili nawo kumbuyo. Kenako anati mawa 9 koloko ndikasaine mu ofesi mwawo, masamba atatu, pamwamba pa sitampa monga mwa nthawi zonse, iwo ali pomwepo.
Ndayeserera kumapeto kwa buku lino kakhumi ndi kanayi. Palibe siginecha imodzi yofanana ndi ya pa chiphaso changa.
Ndawaimbira Mas Hardi, ndafunsa moseka ngati lilipo batani la cholembera. Sanaseke. "Wik, dzanjalo linayamba liti?"
Ndawauza zonse. Ati akwera basi yam'mawa, adzandidikira panja, ndikatuluka tipite kwa dokotala. Ndafunsa kuti nanga kwa Pak Gunadi ndikanene chiyani. Ati zimenezo alibe batani lake.
Kakhumi ndi kasanu. Yakhotanso.