Malata Khumi ndi Anayi

Lachinayi, 14 Novembala 2024

Kutentha koopsa. Mitambo cha ku Mozambiki, mvula ayi. Priska, mkazi wanga, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, miyendo yatupa. Dzulo wandiuza maso ali kumbali kuti sadzachirira m'dambo muno. Akuti madzi anamulanda Tiyamike wathu kumsana chaka chatha, uyu sawapatsa.

Lero ndakwera kuphiri, njira ya ku Chididi, kukaona nyumba imene anandiuza Thom wa kabaza. Maola awiri wapansi. Njerwa zootcha, zipinda ziwiri, malata khumi ndi anayi, ndawerenga kawiri. Mtengo wa mango pabwalo. Ukaima pakhonde dambo lonse la Ndindi lili kunsi kwa mapazi ako, mbee ngati nyanja. Madzi sangakwere kuno ngakhale atalusa bwanji. Eni ake a Kalisto, munthu waulemu, akuti apeza ntchito ku Beira. K650,000. Nyumbayi ndaifuna mpaka mtima kuwawa.

Lolemba, 18 Novembala

Bwato lapita. Maukonde atatu apita. Mbuzi zonse zinayi. Francis, wogula bwato, walipalasa ine ndikuona, osacheuka n'komwe. Zaka khumi ndi chimodzi ndili m'bwato limenelo. Anzanga padoko kuseka, akuti Lorenso akukawedza abuluzi kuphiri. Aseke. Iwo sanalirepo maliro opanda mtembo.

Loweruka, 23 Novembala

Ndagula. Talemberana papepala la m'kope, Thom mboni. Amfumu akuti ali kumaliro, tidzaonekera sabata yamawa. A Kalisto anyamuka masana omwewo, kachikwama kamodzi m'manja.

Priska walowa, wayang'ana uku ndi uku. Mtondo pakhonde, miphika yotsuka bwino, nsalu ziwiri pachingwe, nkhuku ikufungatira kuseri kwa chitseko. Akuti, "Nanga mayi wa pano ali kuti? Mwalankhula naye?" Ndapsa mtima. A Kalisto anati akazi awo ali kuboma, akudikirira mayi awo kuchipatala, adzawatsatira, katundu adzatuma anthu. Ndipo kuyambira liti nyumba n'kumagula kwa mkazi? Kwathu kwa Asena mwamuna walowola, wamanga, nyumba ndi yake. Akanena wanena. Ndamuuza choncho. Wangoyamba kusesa.

Lachitatu, 27 Novembala

Kuno m'mawa kumazizira, udzudzu wochepa. Priska wagona mpaka dzuwa kutuluka, koyamba chichokereni Tiyamike. Ndinakhala ndikungomuyang'ana. Ndakondwa, ndilembe kuti ndakondwa.

Chitsime chili kutali, kotsetsereka. Ndikutunga ndine, amayi kundiyang'ana ngati ndavala malaya chozondoka. Moni amayankha bwinobwino, koma palibe wabwera kudzationa. Mlendo masiku anayi, ngakhale kambale ka ufa? Mayi wina wangondifunsa ngati ndife abale ake a Ethel. Ethel ndi ndani?

Lolemba, 2 Disembala

Ethel ndi mkazi wa Kalisto. Wafika masana, mwana kumsana, wina pamkono, mayi ake odwala aja pakabaza. Watipeza tikudya pakhonde pake. Sanakuwe. Bola akanakuwa. Wangoima, n'kufunsa ngati nkhuku yake yaswa.

Ndamuonetsa pepala. Wawerenga mpaka pansi, wandibwezera ndi manja awiri. Banja lawo linatha mu Okutobala, ankhoswe anakhalapo. Kalisto anauzidwa kuti pamene Ethel azibwera kuchokera kuchipatala akhale atachoka. Wachokadi. Foni yake sikupezeka. Thom akuti iye anangosaina.

Iwo chipinda china, ife china. Chakudya sichinalowe.

Lachiwiri, 3 Disembala

Takhala pansi pa mango ndi a Geresomo, amalume ake a Ethel, eni mbumba. Munthu wofatsa, wa mpingo wathu womwe. Sanandinyoze, ndipo chandipweteka ndi chimenecho. Akuti kuno mwamuna amabwera kudzakwatira, amamanga pamalo a kuchikazi, banja likatha amanyamula bulangete lake n'kumapita. Malo ndi a mayi ake a Ethel. Njerwa anaumba Ethel ndi azichemwali ake, nkhuni zootchera anasenza okha. "Mkamwini ndi mlamba, achimwene, sachedwa kuterereka. Inu asodzi simudziwa?" Zaka zonsezi ndikugwira milamba.

Ndafunsa za ndalama zanga. Akuti chimene Kalisto anagula ndi thukuta lake ndi malata okha. Amenewo ndi anga, ndikhoza kuchotsa. Safunsa anadya phula. Priska anafunsa. Wosafunsa ndine.

Lachisanu, 6 Disembala

Ndatsika kuboma, ndakanena kupolisi. Alemba zonse. Koma munthu anawoloka malire kalekale. Pobwerera ndadutsa padoko chozemba, anzanga asandione. Chitumbuwa chimodzi tsiku lonse.

Lolemba, 9 Disembala

Ndabwereka hamala. Ndakwera padenga m'mawa. Lata loyamba ndazula, lachiwiri ndazula. Pampatapo ndikuona mayi odwala aja ali gone pamphasa, akundiyang'ana. Mvula yoyamba yandipeza ndili pa lachitatu.

Priska watuluka, mimba patsogolo, akunyowa. Walankhula anthu onse akumva: "Nkhabe, baba, ayi. Tsikani. Malata amenewo mukakhomera pati? Pamadzi?"

Ndabwezera onse. Misomali yopindika, ndawongolera pamwala. Manyazi amene ndachita lero sindinachitepo chibadwire.

Lachitatu, 11 Disembala

Wabwera ndi mawu ndi Ethel mwini, osati amalume. Priska akhale m'chipinda chaching'ono mpaka achire, mpaka mvula ithe mu Epulo. Malata akhale, asadzachokenso. Ine ayi. Mkazi amene banja langotha kumene sangasunge mwamuna wa mwini m'nyumba, mudzi ungamudye ndi pakamwa. Ndizibwera Lamlungu, dzuwa lili pamutu.

Bwato, maukonde, mbuzi zinayi. Chipinda chimodzi, miyezi inayi. Priska wagwada, wathokoza m'Chisena, wati takhuta, wabwereza kawiri. Ndimafuna ndimude Ethel koma sindikupeza pomudera. Nayenso anamubera, kungoti chake chinalephera kulowa m'chikwama. Ndavomera.

Lamlungu, 29 Disembala

Ndabwerera kudambo, m'nyumba yakale ija. Ganyu m'bwato la eni, nsomba zikaphedwa ndimalandira zotsala. Lero ndakwera ndi nsomba zowamba, makakana asanu. Ndawapeza awiriwo akupeta mapira, akuseka. Priska akuphunzitsa Ethel Chisena. Ndakhala pampando wa alendo, andipatsa madzi pa mbale. Dzuwa litapendeka Ethel wayamba kutsokomola, ndadziwa kuti nthawi yakwana. Priska wandiperekeza mpaka pamango basi, sangathe kupitirira.

Lolemba, 20 Januwale 2025

Mvula masiku anayi osakata. Mtsinje wa m'munsi mwa phiri wadzaza, dzulo ndabwerera panjira.

M'mawa uno foni, Ethel. Priska wachira Loweruka, kuchipatala chaching'ono cha kuphiri komweko. Mwana wamkazi. Anamunyamula pamachira ndi a Geresomo ndi amuna ena atatu a m'mudzimo, ine kulibe. Abwerera kale kunyumba, denga silikudontha. Akufunsa dzina. Ndalira foni ili kukhutu, mwana wanga ndamumva mawu okha.

Kuno madzi alowa m'nyumba. M'mawa anali m'akakolo, tsopano m'mawondo. Ndikulembera pathandala la mbale. Anthu akuwatengera kusukulu ya kumtunda, amayi ndi ana poyamba. Bwato linadzaza, akuti abweranso. Ethel ndamuuza auze Priska kuti kuno kuli bwinobwino, dzina ndibwera nalo ndekha.

Ali pouma onse awiri. Chimene ndinagula ndi chimenecho.

Bwato silinabwerebe.